Momwe mungapachikire mbiri ya Chilumba cha Mozambique pa chingwe m'kalasi

Ophunzira ambiri a kuno ku Mulanje amadziwa Mozambique ngati msika wa kutsidya kwa chipata cha Muloza, kumene anthu amapita pa njinga kukapikula chimanga ndi nandolo ku Milange, koma ukawafunsa kumene dzina la dzikolo lidachokera amangoyang'anana. Dzinali lidayambira pa kachilumba ka m'nyanja ya mchere ya India, m'chigawo cha Nampula, kamene m'litali mwake ndi pafupifupi makilomita atatu ndipo mulifupi mwake sikapitirira theka la kilomita. Kwa zaka zoposa 300 kachilumba kameneka kadali likulu la Apwitikizi m'dzikomo, ndipo zambiri zimene zinkagamulidwa kumeneko zidafika mpaka m'midzi ya m'tsinde mwa phiri lathu. Mphunzitsi wa mbiri, kapena aliyense wotsogolera kalabu ya mbiri pasukulu, angathe kuonetsa ana zimenezi popanda kugula buku lililonse lodula, pogwiritsa ntchito zingwe ziwiri ndi makatoni akale.

Pezani zingwe ziwiri zolimba za mamita asanu ndi awiri chilichonse, misomali, tepi yoyezera ya atelala, ulusi, makatoni a sopo kapena a bisiketi amene ogulitsa m'magolosale amataya, ndi cholembera cha inki yakuda yosafufutika. Sankhani khoma lalitali la kalasi limene lilibe mawindo ambiri, ndipo mukhome chingwe choyamba m'mwamba, chachiwiri m'munsi mwake, kusiya mpata wa mkono umodzi pakati. Chingwe cha m'mwamba ndi cha chilumba, cha m'munsi ndi cha Mulanje ndi Thyolo. Muyeso wake ukhale wosavuta kuukumbukira: sentimita imodzi ikhale chaka chimodzi, kotero kuti mita imodzi ndi zaka 100. Siyani theka la mita kumayambiriro, kenaka mangani mfundo imene muitche chaka cha 1400, ndipo pa mita iliyonse mumange mfundo ina mpaka mufike pa 2000. Mfundo za zingwe ziwirizi ziyang'anizane bwinobwino, chifukwa zikaphonyana ngakhale pang'ono phunziro lonse lidzanama.

Ubwino wa muyeso umenewu umaoneka tsiku loyamba lomwe. Uzani wophunzira mmodzi ayeze kuchokera pa 1891, pamene dziko lathu lidalowa m'manja mwa Angerezi, kufika pa 1964, ndipo adzapeza masentimita 73, amene safika ndi mita yomwe. Wina ayeze pa chingwe cha m'mwamba kuchokera pa 1507, pamene Apwitikizi adakhazikika pachilumbapo, kufika pa 1975, pamene Mozambique idalandira ufulu, ndipo adzafunika kuyenda mapazi angapo kuti amalize masentimita 468. Mwana amene wayenda mtunda umenewu ndi mapazi ake saiwala kuti utsamunda wa kutsidya udali wautali motani.

Theka la mita limene mudasiya kumayambiriro lija musalikhomere. Lilekeni lizilendewera pansi. Ine chaka choyamba ndidalakwitsa pamenepa, pakuti ndidayambira chingwe changa pa 1498 ndi kakatoni kolembedwa kuti Vasco da Gama, Mpwitikizi woyenda panyanja, adatulukira chilumba. Mtsikana wina wa Fomu 2, amene kawirikawiri sankayankhula m'kalasi, adakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga anthu amene adamulandirawo adatulukiridwa ndi ndani?" Kalasi idaseka, ineyo ndidachita manyazi, ndipo mawa lake ndidamasula chingwe chonse. Zoona zake n'zakuti pamene zombo za da Gama zinkafika m'mwezi wa Malichi 1498, pachilumbapo padali kale mudzi wa Asilamu wokhala ndi mtsogoleri wake, amisiri okhoma ngalawa, ndi amalonda Achiswahili ndi Achiarabu amene ankadziwa njira za panyanja zopita ku Kilwa, ku Arabia ndi ku India potsata mphepo za nyengo. Anthu a pachilumbapo amasimba kuti dzina loti Mozambique lidachokera kwa mtsogoleri wina wotchedwa Mussa bin Bique. Zimenezi zilembeni pa katoni yopanda chaka, ndipo muimangirire ku nsonga yolendewerayo, kuti aliyense aone kuti mbiriyi idayamba khoma lisadayambe.

Polemba makatoni, khazikitsani lamulo limodzi ndipo musalifewetse: katoni iliyonse ikhale ndi chaka, chimene chidachitika, ndi chiganizo chimodzi chonena chimene chidasintha pa moyo wa anthu. Ngati gulu la ophunzira lalephera kulemba chiganizo chachitatuchi, chochitikacho sichiyenera malo pachingwe, ngakhale chitakhala ndi dzina la bwanamkubwa wotchuka. Mwachitsanzo, katoni ya 1507 inene kuti Apwitikizi adamanga doko ndi malo a asilikali awo, ndipo chimene chidasintha n'chakuti zombo zopita ku India zidayamba kuima pamenepo kudikira mphepo, kutunga madzi ndi kusiya odwala. Ya 1522 ndi ya katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte, kamene kali kunsonga ya kumpoto kwa chilumba ndipo kamadziwika kuti ndi nyumba yakale kuposa zonse zomangidwa ndi Azungu zimene zikadalipo kummwera kwa dziko lapansi. Ya 1558 ndi ya kuyambika kwa linga lalikulu la São Sebastião.

Pa linga limeneli mudzakumana ndi vuto limene ndi phunziro palokha. Mabuku ena amati lidatha mu 1608, ena amati mu 1620, ndipo ophunzira adzafuna kuti inu muwauze chaka cholondola kuti aloweze. Musawasankhire. Apatseni ulusi wofiira aukulunge pachingwe kuyambira pa 1558 mpaka pa 1620, kenaka muwafunse ngati nyumba ya kwawo idatha tsiku limene adafolera, tsiku limene adalowamo, kapena tsiku limene adaika zitseko za kuchipinda. Linga lomangidwa kwa zaka 50 kapena kupitirira silikhala ndi tsiku limodzi lothera. Chimene chili chotsimikizika n'chakuti mu 1607 ndi mu 1608 Adatchi adazinga chilumbacho ndi zombo zankhondo, adaononga nyumba za kunja kwa linga, koma lingalo adalephera kulilanda. Afunseni ana kuti anthu otsekeredwa m'linga lozunguliridwa ndi madzi a mchere ankamwa chiyani, ndipo muwasiye avutike pang'ono musadawauze za zitsime zikuluzikulu zomangidwa m'katimo, zimene zinkasunga madzi a mvula otsika pamadenga. Mwana wa ku Mulanje, amene adazolowera madzi a m'mipope yochokera m'phiri ndi mitsinje yosaphwa ngati Likhubula ndi Ruo, amadabwa kumva kuti pali malo amene dontho lililonse la mvula linkawerengedwa.

Makatoni a 1607, 1608 ndi 1610 adzapanikizana chifukwa akusiyana masentimita ochepa chabe, choncho apachikeni ndi ulusi wotalika mosiyanasiyana, wina m'mwamba wina m'munsi. Ya 1610 ndi ya nyumba ya São Paulo, imene idamangidwa ngati sukulu ya ansembe a chipani cha Jesuit, idasanduka nyumba ya bwanamkubwa ansembewo atathamangitsidwa mu 1759, ndipo lero ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale.

Mukadutsa pamenepa mudzaona kuti chingwe chatsala chopanda kanthu kwa mita yathunthu ndi kupitirira, kuchokera cha m'ma 1620 mpaka pa 1752, chaka chimene Mozambique idaleka kulamulidwa kuchokera ku Goa, ku India, n'kukhala ndi boma lakelake pansi pa Lisbon. Ophunzira adzafuna kudzaza mpatawu ndi chilichonse chimene angachipeze pa intaneti, koma aletseni, ndipo muthere nthawi yokwanira mutaima nawo pamenepo. Zaka zimene sizidamangidwe linga kapena kumenyedwa nkhondo yotchuka si zaka zimene anthu adagona. M'zaka zimenezi minyanga ya njovu inkatsika kuchokera kumtunda pa mapewa a anthu, nsalu za ku India ndi mikanda zinkakwera, amalonda a ku India ankakhazikika pachilumbapo, ndipo pofika zaka za m'ma 1700 Ayao ochokera kummawa kwa nyanja ya Malawi adali m'gulu la amalonda aakulu ofikitsa minyanga ku gombe loyang'anizana ndi chilumbacho. Zinthu zotere sizikhala ndi tsiku, choncho musazilembe pa katoni. Dulani nsanza ya chitenje yaitali, mulembepo mawu oti malonda a minyanga, ndipo muipachike motambasula pa zaka zonsezo. Dulani nsanza ina yakuda ya malonda a akapolo, imene iyambire m'katikati mwa zaka za m'ma 1700 n'kupitirira mpaka m'zaka za m'ma 1800, pamene anthu ankatumizidwa ku zilumba za Afalansa monga Réunion ndi Mauritius ndiponso ku Brazil.

Pansi pa nsanza yakudayi pakhale katoni imodzi yokha, ya 1794, ndipo imeneyi muipatse phunziro lathunthu. M'mwezi wa Disembala chaka chimenecho chombo chotchedwa São José Paquete d'Africa chidanyamuka pachilumbapo ndi anthu pafupifupi 500 ogwidwa ukapolo, ulendo wa ku Maranhão ku Brazil. Pa 27 Disembala chidagunda miyala pafupi ndi Cape Town. Anthu oposa 200 adamira, ndipo amene adapulumuka adagulitsidwanso komweko. Zotsalira za chombochi zidalengezedwa kuti zapezeka mu 2015, ndipo zina mwa zimene adazivuula ndi zitsulo zolemera zimene zinkaikidwa pansi pa chombo kuti chisapendekeke, popeza anthu ndi opepuka kuposa katundu wina. Musauze ana kuti achite sewero la nkhaniyi, chifukwa sewero la ukapolo m'kalasi limathera m'chiphwete ndi kumangana zingwe mwachibwana. Chimene chimagwira ntchito ndi kuwerengetsa ophunzira a sukulu yonse pa mzere wa m'mawa, kuti aone kuti anthu 500 ndi ochuluka motani, ndi kupatula 200 aime mbali ina mwakachetechete.

Zaka zotsatira zimayenda mofulumira ndipo simuyenera kuchedwapo. Mu 1818 chilumbacho chidalandira ulemu wotchedwa mzinda. Mu 1869 ngalande ya Suez idatsegulidwa, zombo zambiri za ku Ulaya zopita ku India n'kuleka kuzungulira kummwera kwa Africa. Mu 1877 chipatala chachikulu chidayamba kumangidwa. Mu 1898 likulu lidasamutsidwira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi ku Maputo, chifukwa chuma chidali chitakokedwa ndi migodi ya golide ya ku Transvaal, ku South Africa. Pambuyo pake doko lakuya la Nacala, limene ife timalidziwa chifukwa cha feteleza ndi mafuta obwera pa njanji, lidatenga malonda amene adatsala. Mlatho wa makilomita oposa atatu wolumikiza chilumba ndi kumtunda udamangidwa mu 1967, pamene zombo zikuluzikulu zidali zitapita kale kwina.

Mukafika apa imani ndi kuwerenga makatoni onse mokweza, ndipo mufunse kalasi kuti ndi angati amene akunena za anthu akuda a pachilumbapo. Adzapezeka ochepa, ndipo chifukwa chake chili m'mamangidwe a chilumba chenichenicho. Kumpoto kuli mzinda wa miyala ndi njereza, wa malinga, matchalitchi ndi nyumba za amalonda, umene zaka zake zidalembedwa pa makoma ndi m'mabuku a boma. Kummwera kuli mzinda wa Macuti, wotchedwa choncho chifukwa cha madenga ofolera ndi masamba a mitengo ya kokonati, kumene kumakhala anthu ambiri, asodzi ndi mabanja awo, ochuluka mwa iwo Asilamu oyankhula Chimakhuwa. Mbali zina za Macuti zili m'munsi kuposa msewu, chifukwa m'menemo ndi mmene mudakumbidwa miyala yomangira mzinda wa kumpoto uja. Apatseni anthu amenewa makatoni awo ngakhale alibe chaka: gule wa tufo amene amayi amavina atavala zitenje zofanana, mussiro woyera amene amadzola kumaso wochokera ku mtengo wopera pamwala, ngalawa za matanga zimene zikuyendabe mpaka lero. Makatoni opanda chakawa alembedwe ndi inki ya mtundu wina ndipo apachikidwe pamwamba pa chingwe, osati pansi pake.

Tsopano tsikirani ku chingwe cha m'munsi, chimene mpaka pano chili chopanda kanthu. Yambani ndi zolembedwa: 1891, chaka cha ulamuliro wa Angerezi, chimenenso tiyi adayamba kubzalidwa kuno ku Mulanje, 1893, pamene malinga a Fort Lister ndi Fort Anderson adamangidwa kuti atseke njira za ogulitsa akapolo zodutsa m'mbali mwa phiri. Apa chenjerani, chifukwa ana amakonda kulumikiza zinthu mofulumira. Njira zodutsa ku Mulanje zinkalowera makamaka ku Quelimane ndi madoko a kufupi ndi kumeneko, osati ku chilumba chathuchi chimene chili kutali kumpoto. Choncho musalole ulusi wochokera pa Fort Lister kupita pa katoni ya São José, popeza pakati pa ziwirizi pali zaka 99 ndi njira zosiyana. Chimene chikuzilumikiza ndi nsanza yakuda ija, malonda amodzi okhala ndi makomo ambiri.

Ulusi umene mungaumange mosakayika ndi wa Alhomwe. Kuyambira cha m'ma 1890 mpaka zaka makumi angapo zotsatira, mabanja ambiri adachoka m'madera ozungulira phiri la Namuli kuthawa nkhondo zolanda dziko, msonkho ndi ntchito ya chibalo ya Apwitikizi, ndipo ambiri adafikira m'minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo, kumene adakumananso ndi thangata. Chilhomwe ndi Chimakhuwa cha pachilumba ndi ziyankhulo zapachibale, kotero kuti ophunzira ambiri a m'kalasi mwanu akuphunzira mbiri ya abale a makolo awo. Zaka za ulendo umenewu sizili m'buku. Zili m'makumbukiro a okalamba, ndipo ana ayenera kutumidwa kukazitenga.

Atumeni awiriawiri, ndipo muyambe mwadziwitsa amfumu kuti ana a sukulu adzayenda m'mudzi ndi makope. Aphunzitseni kuodira, kukhala pansi, kulonjera mokwanira ndi kunena kuti ndi ana a yani asadatulutse cholembera. Chofunika kwambiri, aletseni funso loti, "Mudabwera chaka chanji?" chifukwa nkhalamba yaulemu idzatchula chaka chilichonse kuti mwana asabwerere chimanjamanja. Mnyamata wina amene ndidamuperekeza adafunsa bwino kwambiri. Tidapeza agogo ake aakazi akusola nandolo pakhonde, ndipo iye, atathandiza kusola kwa kanthawi, adati, "Anganga, kodi amayi anu adabadwira kuno kapena adachita kubwera?" Gogoyo adayankha kuti amayi ake adabwera ali kumsana, ndipo kuti iye mwini adali namwali wongotha kumene msinkhu pa njala yaikulu ija anthu ankadya mizu. Njala imeneyo ndi ya 1949. Tili m'njira tidawerengera chobwerera: namwali wa zaka pafupifupi 14 mu 1949 adabadwa cha m'ma 1935, ndipo ngati amayi ake adamubereka ali ndi zaka za m'ma 20, ulendo wa kumsanawo udachitika cha m'ma 1910 kapena 1915. Pa katoni tidalemba kuti "cha m'ma", ndipo mawu amenewa musalole ana awafufute pofuna kuti katoni ioneke yaukhondo.

Zikhomo zina zothandiza kuwerengera motere ndi ufulu wa 1964, kubwera kwa anthu othawa nkhondo ambirimbiri kuyambira mu 1986, ndi Napolo wa ku Phalombe wa mu Malichi 1991, nthawi imene Phalombe idali mbali ya boma la Mulanje. Dzina la wokalamba lilembedwe pa katoni pokhapokha iye mwini atavomera, ndipo nkhani zokhudza amene adagwidwa kapena kugula anzawo zisatchule banja lililonse, popeza zidzukulu za mbali zonse ziwiri zikukhala pa desiki imodzi.

Kumapeto kwa khoma zingwe ziwirizi zimayamba kuyankhulana zokha. Pa 25 Juni 1975 Mozambique idalandira ufulu, ndipo nkhondo ya pachiweniweni imene idatsatira idathamangitsira anthu a kumtunda mbali ziwiri: ena adawoloka mlatho uja kukadzaza nyumba za pachilumba, ena adawoloka malire kubwera kuno, mpaka dziko la Malawi lidasunga anthu othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni. Mu 1991 bungwe la UNESCO lidaika chilumbacho pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo pa 4 Okutobala 1992 pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome. Mu Malichi 2022 namondwe wa Gombe adalowera ku gombe la Nampula, adasasula madenga m'dera la chilumbacho, ndipo masiku ochepa pambuyo pake mvula yake idafika kuno. Katoni imeneyi ipachikeni pakati pa zingwe ziwiri, yomangidwa m'mwamba ndi m'munsi. Mu 2025 phiri la Mulanje lidalowa pa mndandanda womwe uja wa UNESCO, masentimita 34 kuchokera pa katoni ya chilumba.

Poyesa ngati ana amvetsa, musawafunse zaka pamtima. Chotsani makatoni asanu usiku, muwasakanize, ndipo m'mawa muitane ophunzira awabwezere pamalo pake akufotokoza chifukwa chake katoni ya Suez iyenera kutsogolera ya Lourenço Marques, kapena chifukwa chake mlatho sukadapulumutsa doko. Mvula ya chiperoni ikayamba makatoni amafewa ndi chinyontho ndipo inki imayenderera, choncho akuteni ndi mapepala apulasitiki a shuga otsukidwa bwino, ndipo potsekera teremu masulani zingwe zonse ziwiri pamodzi, muzikulunge pa kamtengo kuyambira kumapeto kuti nsonga yopanda chaka ija idzakhale yoyamba kutuluka podzazipachikanso.